Maola Awiri Amene Amasowa M'kaundula wa Pakompyuta

Kale mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi ankayenda ndi kope ndi cholembera, ndipo akafuna kulemba nthawi imene msonkhano wayamba ankayang'ana wotchi ya pamkono kapena kungoona pamene dzuwa lafika. Lero zambiri zikulembedwa pa foni. Lipoti la mjigo wowonongeka, mayina a anthu amene agwira ntchito yolambula msewu, kalembera wa mabanja, ndalama zotumizidwa pa foni, zonsezi zimachoka m'manja mwa wotumiza n'kukasungidwa m'kompyuta yaikulu, m'nkhokwe imene akatswiri amaitcha database. Chilichonse cholowa m'nkhokwemo chimadindidwa tsiku ndi nthawi. Chidindo chimenechi sachiika munthu. Amachiika ndi makina, ndipo chifukwa cha ichi ambirife timachikhulupirira kuposa mawu a munthu mnzathu.

Tsiku lina pepala lochokera m'nkhokwemo lidzawerengedwa pamsonkhano wa ADC, ndipo wina adzadabwa. Iye akukumbukira bwino kuti anatumiza lipoti lake ana akulowa m'kalasi, cha m'ma 7:30, koma pepalalo likuti 5:30, nthawi imene anali asanatsegule n'chitseko chomwe. Ena adzamuyang'ana ngati wabodza. Phunziro la m'kope lino likufotokoza kumene maola awiriwo amapita, mmene amabwezeredwa, ndi ngozi imene imakhalapo munthu akawabwezera mosasamala.

Chifukwa chake nthawi siifanana paliponse

Dziko lapansi limazungulira kamodzi pa maola 24. Mzunguliro wathunthu ndi madigiri 360, choncho pa ola lililonse dziko limatembenuka madigiri 15. Anthu a kum'mawa amayamba kuliona dzuwa, a kumadzulo n'kuliona pambuyo. M'chaka cha 1884 nthumwi za mayiko zinakumana mumzinda wa Washington n'kugwirizana kuti mzere wodutsa ku Greenwich, mumzinda wa London, ukhale poyambira powerenga madigiri amenewa. Nthawi imene dziko lonse limayezerapo masiku ano imatchedwa UTC, ndipo pa ntchito zathu za tsiku ndi tsiku tingaitenge kuti ndi nthawi ya pamzere wa Greenwich umenewo.

Dziko la Malawi lili kum'mawa kwa mzerewo, ndipo nthawi yathu ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, chaka chonse, mosasintha. Kukakhala 12 koloko masana kuno, pa UTC ndi 10 koloko m'mawa. Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi imodzi ndi ife, n'chifukwa chake woimbira m'bale wake ku Johannesburg savutika kuwerengera. Tanzania ndi Kenya ali patsogolo pa UTC ndi maola atatu. Wowoloka mlatho wa Songwe ku Karonga amapeza kuti wotchi za kutsidya zathamanga ndi ola limodzi, ngakhale dzuwa lili pomwe analisiya. Kusiyanaku sikukhala kwa maola athunthu nthawi zonse, pakuti India ali patsogolo pa UTC ndi maola asanu ndi theka.

Palinso mayiko amene amasuntha wotchi zawo kawiri pachaka. Ku Britain amazipititsa patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi, n'kuzibweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Motero kwa miyezi ina timasiyana ndi London maola awiri, kwa miyezi ina ola limodzi lokha. Amene ali ndi ana kapena abale kumeneko anazolowera kale zimenezi. Tizisunge m'mutu, chifukwa tidzakumana nazonso kutsogoloku.

Mmene makina amasungira nthawi

Wogula chimanga amene amalandira kuchokera kwa alimi ambiri amadziwa vuto la ndowa. Ndowa ya uyu ndi yaikulu, ya uyo ndi yophwanyika pansi, ndipo akalemba kuti "ndowa zitatu" osanena kuti ndowa ya yani, mawa sadzadziwa kuti ali ndi chimanga chochuluka bwanji. Chomuthandiza ndi sikelo imodzi. Opanga makina anachita chimodzimodzi ndi nthawi. Popeza kompyuta imodzi ikhoza kulandira uthenga kuchokera ku Mchinji, ku Nairobi ndi ku London pa mphindi imodzi, anaona kuti n'kwabwino kusunga zonse pa sikelo imodzi, imene ndi UTC. Makina ambiri sasunga n'komwe mawu akuti Lolemba kapena Epulo. Amasunga nambala imodzi yaitali, chiwerengero cha masekondi amene adutsa kuyambira pakati pa usiku wa pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC. Munthu akatsegula foni kapena kompyuta yake, makinawo ndiwo amatembenuza nambalayo kuti ioneke m'nthawi ya kumene iye ali.

Dongosolo limeneli ndi labwino, ndipo likamayenda bwino palibe amene amaliona. Vuto limabuka uthenga ukatulutsidwa m'nkhokwe uli wosatembenuza, monga pamene mlembi waukopera mu Excel kuti asindikize lipoti la pamwezi. Apo maola awiri aja amatsalira m'njira.

Pali chizindikiro chimene aliyense wodziwa kuwerenga angachione. Chidindo cholembedwa mokwanira chimaoneka motere: 2025-03-31T22:30:00Z. Choyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku; chilembo cha T chimalekanitsa tsiku ndi ola; ndipo Z ya kumapetoyo ikutanthauza kuti nthawiyi ndi ya UTC. Mukaona Z, onjezani maola awiri kuti mupeze nthawi ya kuno. Mukaona +02:00 kumapeto, musaonjezere kanthu, pakuti nthawiyo ndi yathu kale. Choopsa ndi chidindo chimene chilibe Z, chilibenso +02:00. Chimenecho ndi ndowa yopanda mwini, ndipo palibe amene ayenera kuchisintha asanafufuze kumene chinachokera.

Kodi maola awiri ndi kanthu?

Pa lipoti la mjigo mwina si kanthu kwenikweni. Koma taonaninso chidindo cha pamwambapa. Pa UTC ndi 22:30 usiku wa pa 31 Malichi. Kuno ndi 00:30 pa 1 Epulo. Maola awiri asintha tsiku, asintha mwezi, ndipo asinthanso chaka cha chuma, popeza kuyambira mu 2022 chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Ndalama yolowa pa nthawi imeneyo ikhoza kuwerengedwa m'mabuku a chaka chimene chatha, ndipo owerengera chuma akadzayerekeza mabuku awiri adzapeza kuti kwina yaperewera, kwina yachuluka. Chilichonse chochitika pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko usiku chimagwera tsiku la dzulo pa UTC. Tiyerekeze mwana wobadwa 1:15 usiku wa pa 1 Januwale 2026. Ngati makina asunga ola lake pa UTC ndipo wosindikiza sanatembenuze, pepala lidzati anabadwa 23:15 pa 31 Disembala 2025, chaka china ndithu.

Tiyerekezenso mpikisano wa makontrakitala ofuna kumanga mdadada wa sukulu, umene zikalata zake zimatumizidwa pa intaneti ndipo malire ake ndi 2 koloko masana. Wina watumiza 15:30, mochedwa ndi ola ndi theka. Pepala losatembenuza lidzaonetsa 13:30, ndipo iye adzaoneka ngati anafika nthawi yabwino. Apa nkhani yasiya kukhala ya akatswiri a kompyuta okha. Yafika pa chilungamo, pa ndalama za wodi yathu, ndi pa mbiri ya anthu a m'komiti amene adzanenedwa kuti anakondera pamene iwo anangowerenga chimene chinalembedwa.

Njira ziwiri zokonzera

Njira yoyamba ndi kusiya zosungidwa zili chomwecho n'kungokonza maonekedwe ake pozitulutsa. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo njira yoyenera pafupifupi nthawi zonse, chifukwa ukalakwitsa umangokonzanso pepala, nkhokwe ili yosakhudzidwa. Mu Excel tsiku lathunthu limawerengedwa ngati 1, motero ola ndi gawo limodzi mwa magawo 24. Ngati nthawi ya UTC ili m'bokosi la A2, mlembi amalemba =A2+2/24 m'bokosi loyandikana nalo, ndipo nthawi ya kuno imatuluka, tsiku n'kusinthanso lokha pamene liyenera kusintha. Izi zimatheka pokhapokha Excel ikuona zomwe zili m'bokosimo ngati tsiku ndi nthawi. Zikakhala kuti zinalowa ngati mawu wamba, ndi T ndi Z zake zomwe, ziyenera kuyamba zasandutsidwa kukhala nthawi yeniyeni. M'nkhokwe zikuluzikulu muli malamulo ake a ntchito yomweyi. Mu MySQL muli CONVERT_TZ, mu PostgreSQL muli AT TIME ZONE, ndipo onse awiri amatha kutembenuza nthawi poitulutsa popanda kugwira chosungidwa.

Njira yachiwiri ndi kulowa m'nkhokwe momwemo n'kusintha zidindo zosungidwa. Nthawi zina palibe kuchitira mwina. Zimachitika pamene kaundula akusamutsidwa kuchoka pa makina akale kupita pa atsopano, kapena pamene zadziwika kuti kompyuta yosungira inatcheredwa pa nthawi ya dziko lina kwa miyezi yambiri, kapenanso pamene akaundula awiri, wina wa nthawi ya kuno wina wa UTC, akuphatikizidwa kukhala mmodzi. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zochepa, lamulo limodzi lokha likhoza kusintha mizere zikwi makumi ambiri, ndipo kufulumira kwakeko ndiko kuopsa kwake.

Wogwira ntchitoyi ayambe wadziwa chimene chili m'nkhokwemo, osati chimene akuganiza kuti chilimo. Njira yapafupi ndi kulowetsa uthenga umodzi woyesera akuyang'ana wotchi, kenako n'kukaona mmene wasungidwira. Ayang'anenso mtundu wa bokosi limene nthawi imasungidwamo, chifukwa mabokosi safanana. Mu MySQL, bokosi la mtundu wa TIMESTAMP limatembenuza lokha nthawi kupita ku UTC poisunga n'kuibwezanso poitulutsa, pamene la mtundu wa DATETIME limasunga manambala monga momwe aperekedwera, osafunsa kuti ndi a dziko liti. PostgreSQL nayo ili ndi mitundu iwiri yofanana ndi imeneyi. Munthu woonjezera maola awiri m'bokosi limene limadzitembenuza lokha amawononga chinthu chimene chinali bwinobwino.

Kuyesa kwa lero kumangonena za lero. Mizere ya chaka chatha ikhoza kukhala kuti inasungidwa mwina, makina asanatcheredwenso. Apa kope la mlembi wa m'mudzi limabwereranso pa ulemu wake. Zochitika zingapo zimene nthawi yake inalembedwa ndi dzanja, monga msonkhano, tsiku lolandira katundu, kapena uthenga wa SMS umene wina anausunga, ziyerekezedwe ndi zidindo za m'nkhokwe za miyezi yosiyanasiyana. Palinso nzeru ina yosavuta, yongoona maola amene ntchito imachuluka. Ngati kaundula akuonetsa kuti alangizi amayamba kutumiza malipoti cha m'ma 5:30 m'mawa n'kusiya cha m'ma 14:30 masana tsiku lililonse, sikuti iwo ndi olawirira kuposa anthu onse. Nthawiyo ndi ya UTC.

Akadziwa zimenezi, akopere nkhokwe yonse n'kuisunga padera, ndipo atsimikize kuti kope losungidwalo likutseguka. Ayesere kaye pa kope lina, osati pa nkhokwe imene anthu akugwiritsa ntchito. Pofika posintha zenizeni, aimitse kaye kulowa kwa mauthenga atsopano kuti osinthidwa asasakanikirane ndi osasinthidwa. Chabwino koposa ndi kusafufuta chidindo chakale: atsegule bokosi latsopano pambali pake, alembemo nthawi yotembenuzidwa, chakale chikhale pomwepo ngati mboni. Pomaliza alembe m'buku la ofesi tsiku limene wasintha, mizere imene wakhudza, ndi maola amene waonjezera kapena kuchotsa, kuti wobwera pambuyo pake asadzayambirenso.

Misampha itatu, ndi wina wosakonzeka

Msampha woyamba ndi kusintha kawiri. Mlembi wakonza Lachisanu osauza aliyense; mnzake wabwera Lolemba, wamva madandaulo a sabata yatha, wakonzanso. Tsopano zonse zili patsogolo ndi maola awiri. Tibwerere ku mpikisano wa mdadada wa sukulu uja. Kontrakitala amene anatumiza zikalata 12:30 masana, nthawi ikadalipo, chidindo chake cha UTC chinali 10:30. Kukonza koyamba kunachibwezera pa 12:30, kwachiwiri kwachifikitsa pa 14:30, ndipo munthu wosalakwa watayidwa kunja ngati wochedwa. Popanda chidindo chakale chosungidwa pambali, iye alibe podandaulira.

Wachiwiri ndi wobisika kwambiri, ndipo umakola ngakhale odziwa ntchito. Pali zinthu zimene zili ndi tsiku lokha popanda ola, monga tsiku lobadwa la agogo lolembedwa pa kalembera, tsiku limene chiphaso chidzathe, tsiku limene mjigo unakumbidwa. Makina ena akapatsidwa tsiku lokha amadziikira okha ola la 00:00. Tsono wina akatembenuza zonse kuchoka ku nthawi ya kuno kupita ku UTC, maola awiri amachotsedwa pa 00:00, ndipo tsiku lililonse limabwerera m'mbuyo n'kukhala 22:00 ya dzulo lake. Wobadwa pa 1 Meyi amapezeka kuti anabadwa pa 30 Epulo, ndipo izi zimachitikira mudzi wonse nthawi imodzi. Pambuyo pake tsiku la m'kaundula silifanana ndi la pachiphaso cha unzika, ndipo amene amavutika kuyenda mtunda kukakonzetsa ndi mwini dzina, osati amene analakwitsa. Tsiku lopanda ola silitembenuzidwa. Munthu wobadwa pa 1 Meyi anabadwa pa 1 Meyi, kaya kaundula wake akuwerengedwa ku Dedza kapena ku New York.

Wachitatu ndi uja wa wotchi za ku Britain. Tiyerekeze kuti kaundula ankasungidwa pa kompyuta yotcheredwa pa nthawi ya ku London, osati pa UTC. Woonjezera maola awiri pa mizere yonse adzakhoza pa ya Januwale koma adzalakwitsa ndi ola limodzi pa ya Julayi. N'chifukwa chake akatswiri sakonda kuuza makina kuti "onjezera maola akuti". Amakonda kuwauza dzina la dera, ndipo makinawo amayang'ana okha m'ndandanda wa malamulo a nthawi a dziko lililonse ndi zaka zimene malamulowo anasintha. M'ndandanda umenewo dzina la nthawi ya ku Britain ndi Europe/London, ndipo la kwathu kuno ndi Africa/Blantyre. A ku Lilongwe asakhumudwe, ndandandawu umakonda kutchula mzinda umene unali ndi anthu ambiri, osati likulu la dziko. Ngakhale ndi dzina la dera, ola limodzi pachaka limakhala losamvetsetseka. Pa 26 Okutobala 2025, wotchi za ku London zitafika 2 koloko usiku zinabwezedwa pa 1 koloko, motero 1:30 inachitika kawiri usiku umodzi. Yoyamba inali 2:30 kuno, yachiwiri 3:30. Chidindo chongoti 1:30 sichinganene chokha kuti ndi iti mwa ziwirizi. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chosungira pa UTC, pakuti pa UTC palibe ola lobwerezedwa kapena lodumphidwa.

Pali cholakwika china chimene kutembenuza kulikonse sikungachikonze, ndicho wotchi ya foni yolakwika. Mapulogalamu ena olembera m'midzi mopanda netiweki amadinda nthawi ya pa foni ya wolembayo. Foni imene inazima kwa masiku batire itatha, kapena imene inachokera kunja n'kutsala pa nthawi ya dziko limene inagulidwa, kapenanso imene mwini wake anaitsogoza ndi mphindi khumi kuti asamachedwe, imadinda bodza ndipo nkhokwe imalandira bodzalo mokhulupirika. Okhala m'malire ndi Tanzania ali ndi lawonso, chifukwa foni ikagwira netiweki ya kutsidya ikhoza kudzisuntha yokha ndi ola limodzi. Kusiyana kwa zigawo za nthawi kumakhala kofanana pa mizere yambiri, maola awiri enieni kapena ola limodzi lenileni. Kukakhala kwa mphindi 17 pa foni imodzi yokha, vuto lili m'thumba mwa mwini foniyo.

Gawo la ife a m'wodi

Ambirife sitidzagwirapo nkhokwe ya khonsolo kapena ya bungwe lililonse, koma mayina athu ali mmenemo, ndipo mapepala ake amawerengedwa pamaso pathu. Pepala la zidindo likabwera pamsonkhano wa VDC kapena ADC, si chipongwe kufunsa wolibweretsa kuti, "Kodi nthawi zalembedwazi ndi za kuno kapena za UTC?" Lipoti lolongosoka liyenera kunena zimenezi pamwamba pake penipeni. Ngati wolibweretsa sakudziwa, nkhani iliyonse yodalira ola kapena tsiku, monga ya wochedwa, ya wojomba kapena ya ndalama ya kumapeto kwa mwezi, idikire mpaka yankho litabwera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ngati iyi phulalo amadya ndi munthu amene wachotsedwa pamndandanda wa malipiro.

Amene mumatumiza malipoti pa foni, tsegulani pamene pamatcheredwa tsiku ndi nthawi, muone ngati foni ikutenga yokha nthawi kuchokera ku netiweki ndiponso ngati dera lake likuonetsa +02:00 kapena Blantyre. Okhala pafupi ndi malire a Tanzania ndi bwino kusankha dera ndi dzanja kuti lisamasinthe lokha. Musafufute mauthenga a SMS otsimikizira kuti ndalama yatumizidwa kapena yalandiridwa mpaka nkhani yake itatha. Ndipo alembi a makomiti asataye kope. Polemba za msonkhano, za katundu wolandiridwa kapena za lipoti lotumizidwa, alembe tsiku ndi ola lomwe, pakuti mizere yochepa yolembedwa ndi dzanja ndiyo imene wokonza nkhokwe adzaifuna poyerekeza. Amene waona kuti tsiku lake lobadwa pa pepala lililonse la chitukuko labwerera m'mbuyo ndi tsiku limodzi afunse anansi ake awiri kapena atatu ngati nawonso zawachitikira, ndipo zikakhala choncho akadziwitse khansala kapena mlembi wa ADC pamodzi, atatenga ziphaso zawo.